Mfuti za Kaunjika M'tsinde mwa Mafinga

Munthu akaima pa Chisenga m'boma la Chitipa nayang'ana kumadzulo, amaona mapiri a Mafinga ataima ngati khoma pakati pa Malawi ndi Zambia. Nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, ndipo kuseri kwake ndiko kumachokera mtsinje wa Luangwa. Lero dera limeneli n'labata. Alambya, Anyiha, Atumbuka ndi mitundu ina amalima chimanga, mawere ndi nyemba, kotero kuti mlendo wodutsa sangaganize kuti m'zaka za m'ma 1880 m'tsinde mwa mapiri amenewa munkadutsa mitolo ya mfuti ndi migolo ya onga kupita kumtunda, pamene minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli ankatsikira kunyanja.

Mwezi uno tati tikumbutsane mbiri imeneyi, pakuti phunziro lake silinakalambe. Mfuti imene gulu lina la asilikali latopa nayo sikuti yatha ntchito ayi. Imangosintha mwini, ndipo kawirikawiri imapita kwa anthu osauka kuposa amene aitaya.

KAUNJIKA WA KU ULAYA

Tonse timadziwa kaunjika. Zovala zimene eni ake kutali atopa nazo zimamangidwa m'mabelo, zimaoloka nyanja, ife n'kumazisankha pamsika tikukondwa kuti n'zotsika mtengo. Mfuti zimene zinafika kwa makolo athu zinayenda njira yomweyo. Nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, maboma a ku Ulaya anatsala ndi mfuti zosawerengeka zimene analibe nazo ntchito. Zambiri zinali za Angerezi, zokhala ndi chidindo cha chisoti chachifumu ndi mawu akuti Tower pachitsulo chake. Amalonda anazigula motchipa nazikweza m'zombo zopita ku madoko a Afrika. Amisiri a ku Birmingham ku Mangalande ndi a ku Liège ku Belgium, ataona kuti malondawo ndi okoma, anayamba kusula zina zofanana nazo, za chitsulo chosalimba, zopangira anthu akuda basi.

Izi ndizo mfuti zimene timati gogodera. Woomba ankathira onga kukamwa kwa mfuti, n'kuikamo kansanza, n'kuponyamo chipolopolo, kenaka n'kutsendera zonsezo ndi kachitsulo kakatali. Moto unkachokera ku kamwala kothetheka, kapena ku kachisoti kamkuwa kamene amalonda a Chiswahili ankati fataki. Mvula ikagwa onga unkanyowa, mfuti n'kusanduka chibonga. Ina inkaphulikira m'manja mwa mwini wake.

Kaunjika wachiwiri anayamba m'zaka za m'ma 1860, pamene asilikali a ku Ulaya anasiya mfuti zolongera kukamwa nayamba zolongera kumbuyo. Angerezi anatenga Snider mu 1866, Martini-Henry mu 1871 ndi Lee-Metford mu 1888. Afalansa anatenga Chassepot mu 1866, Gras mu 1874 ndi Lebel mu 1886. Nthawi iliyonse imene mfuti yatsopano inkalowa m'nkhokwe za boma, yakale inkatuluka kukafuna msika. M'zaka za m'ma 1880, mfuti pafupifupi 100,000 zinkalowa mu Afrika chaka chilichonse kudzera ku Zanzibar ndi madoko ena a kuvuma. Motero Ulaya akamasesa nkhokwe zake, zinyalala zake zinkagwera pakhomo pathu.

NJIRA ZOKUMANA PA MAFINGA

Nanga chinakwezera mfuti zimenezi mtunda wonsewo, kuchokera kunyanja yamchere mpaka ku Chitipa, n'chiyani? Inali njovu. Ku Ulaya ndi ku America ankafuna minyanga kuti apangire zipeso, zigwiriro za mipeni ndi tizidutswa toyera ta piyano. Chigwa cha Luangwa, kuseri kwa Mafinga, chinali ndi njovu zambiri, ndipo amalonda a Chiswahili ndi Aluya anamanga misasa pakati pa Asenga okhala kumtunda kwa chigwacho. Ankabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ankatenga minyanga ndi akapolo. Njira yawo yopita ku nyanja ya Malawi inkazungulira mapiri amenewa.

Panalinso njira ya Azungu. Mu 1881 James Stevenson, munthu wachuma wa ku Glasgow, anapereka ndalama zolambulira msewu wochokera ku Karonga kupita ku nyanja ya Tanganyika. Mmisiri woyamba, James Stewart, anamwalira ndi malungo mu 1883, ndipo womulowa m'malo, William McEwan, anamwalira mu 1885. Msewuwo sunamalizidwe bwino, komabe unakhala njira yodziwika, yodutsa kwa Mweniwanda, kumpoto kwa Mafinga. Mu 1884 kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, inatsegula sitolo pa Karonga. Cholinga chinali chakuti malonda abwino apitikitse malonda a anthu. Koma sitoloyo inkagula minyanga, ndipo amene anali nayo yambiri anali Mlozi ndi anzake, Kopakopa ndi Msalemu, amene anamanga malinga awo kufupi ndi mtsinje wa Rukuru.

Apa tiyenera kumvetsa m'mene malonda a mfuti amagwirira munthu pakhosi. Khasu ukagula wagula. Umalimira mpaka litatha. Mfuti siitero. Imadya onga, ndipo onga ukatha imakhala ndodo chabe. Tsono mfumu imene inalandira mfuti inkasanduka wangongole wa amene anali ndi onga. Kuti ipeze wina, inkayenera kupereka minyanga. Njovu zikasowa, inkapereka anthu. Ndipo mfumu yoyandikana nayo, pomva kulira kwa mfuti kutsidya kwa mtsinje, inkaona kuti nayonso iyenera kugula yake, pamtengo womwewo. Abemba, amene anali ndi minyanga ndi akaidi ogulitsa, anapeza mfuti zambiri, ndipo magulu awo ankhondo ankafika pakati pa Amambwe, Anamwanga ndi Alambya. Anthu a m'dera lokwerali, amene anali atazunzika kale ndi Angoni, anayamba kukhala mothithikana m'midzi ya malinga, kulima pafupi ndi chipata, ndi kutunga madzi mwamantha.

Tisanamizane kuti gogodera ndiye anayambitsa nkhondo pakati pathu. Nkhondo zinalipo kale, ndipo Angoni anagonjetsa mitundu yambiri ndi nthungo ndi zishango zokha. Gogodera ankaphonya kawirikawiri. Nthawi zina mphamvu yake inali phokoso ndi utsi. Alenje ambiri ankangophera nyama ndi kuingitsa njovu m'minda. Koma chimene mfuti inachita n'chakuti inalumikiza mikangano ya pamudzi ndi msika wakutali umene sunkakhuta. Munthu anapatsidwa mtengo, ndipo mtengowo unkawerengedwa ndi onga.

NKHONDO YA PA KARONGA

Mu 1887 zinthu zinafika pothina. Anthu a Mlozi anathira nkhondo Angonde, ndipo pa dambo la Kambwe anatentha bango m'mene anthu anabisala, ambiri n'kufera momwemo. Kenaka anazinga sitolo ya Mandala, m'mene munali Monteith Fotheringham ndi anzake ochepa. Amene anawapulumutsa anali Anyakyusa ochokera kutsidya kwa Songwe, atanyamula mikondo. Mu June 1888 Kaputeni Frederick Lugard, yemwe uja anadzalamulira Nigeria, anatsogolera Azungu, Atonga ndi Angonde kukathyola linga la Kopakopa, koma chipolopolo chimodzi chinamulasa mikono yonse iwiri ndi pachifuwa.

Nkhondo imeneyi inakhalitsa chifukwa mbali zonse ziwiri zinkadikira katundu wa kunja. Zida za Mandala zinkachedwa pa Quelimane, pamene Apwitikizi ankaziletsa kudutsa. Onga wa Mlozi unkaoloka nyanja pa Deep Bay, pamene lero timati Chilumba. Harry Johnston anapangana naye mtendere mu October 1889, koma unali mtendere wa apo ndi apo. Mu December 1895 Johnston anabweranso ndi asilikali achi Sikh ndi mizinga. Malinga anagwa m'masiku owerengeka, akapolo oposa 500 anamasulidwa, ndipo Mlozi, ataweruzidwa ndi mafumu a Angonde, ananyongedwa. Zitatha izi boma linamanga Fort Hill kuti lizilondera njira, ndipo pamalo amenewo ndi pamene pali tauni ya Chitipa lero.

PANGANO LA KU BRUSSELS

Kulira kwa midzi ya kuno kunamveka ku Ulaya. Mu 1888 Kadinala Charles Lavigerie, woyambitsa chipani cha White Fathers, anayendayenda m'mizinda ya Paris, London ndi Brussels, motumidwa ndi Papa Leo XIII, kufotokoza zimene ansembe ake ankaona m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Iye anaonetsa poyera kuti ukapolo sungathe pamene mfuti ndi onga zikulowa mwaufulu. Ansembe a chipani chomwecho, atasamuka kwa Mponda mu 1891, anakwera sitima mpaka pa Karonga nayenda pansi mu msewu wa Stevenson kukakhazikika kwa Amambwe, ndipo anaona ndi maso awo midzi ya malinga ija.

Mayiko anakumana ku Brussels mu November 1889, nasaina pangano pa 2 July 1890. Panganolo linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha pakati pa Afrika, m'mene dziko lathu lilimo. Zimene zinaloledwa kugulitsidwa, ndiponso m'madera okha m'mene munalibe malonda a akapolo, zinali gogodera wa kamwala ndi onga wamba. Pangano limeneli linathandizadi kuumitsa malonda a anthu, ndipo tiyenera kuyamika. Koma tiyeneranso kunena mbali inayo: maboma amene analisainawo anadzisungira ufulu wobweretsa mfuti zamphamvu za asilikali awo. Kuyambira pamenepo, mfuti yabwino inali m'manja mwa wolamulira, ndipo mwini dziko anatsala ndi gogodera wolipirira chiphaso.

MFUTI PAMUTU PA AMTENGATENGA

Sipanapite zaka 25, omwe aja anasaina pangano anadzamenyana okhaokha pakhomo pathu. Pa 9 September 1914 Ajeremani anathira nkhondo Karonga, ndipo malire onse kuyambira pa Songwe, kudzera pa Fort Hill mpaka ku Fife, anasanduka bwalo la nkhondo. Mu May 1916 magulu a Jenerali Edward Northey ananyamuka pa malire omwewa kulowa m'dziko la Ajeremani. Asilikali akuda a Ajeremani ambiri ankagwira Mauser ya mu 1871, ya onga wa utsi, imene asilikali a ku Germany kwenikweniko anali ataisiya kalekale. Ngakhale pa nkhondo ya Azungu, munthu wakuda ankapatsidwa kaunjika.

Chipolopolo chilichonse chimene chinaombedwa kumeneko chinayenda pamutu pa munthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anagwidwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi kutopa. Nkhondoyo inathera pafupi ndi ife: Jenerali Paul von Lettow-Vorbeck anadutsa pa Fife mu November 1918, natula zida pa Abercorn, pamene lero ndi Mbala, pa 25 November. Mfuti ya Angerezi ya nkhondo imeneyo, Lee-Enfield, imene timangoti 303, inakhala zaka zambiri m'manja mwa apolisi ndi alonda a nyama.

Mu February 1959, anthu a kuno atakwiya ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anatseka bwalo la ndege la Fort Hill. Analibe mizinga, mphamvu yawo inali kuchuluka ndi mtima umodzi. M'dziko lonse anthu 51 anaphedwa ndi asilikali ndi apolisi a boma la atsamunda pa zipolowe za chaka chimenecho. Komabe zaka zisanu zitapita, mu 1964, dziko linalandira ufulu. Mbiri imeneyi tiziikumbukira pamene wina atiuza kuti wopanda mfuti alibe mawu.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Kaunjika wachitatu ambiri a ife tinamuona ndi maso. Mfuti ya AK-47, imene Mikhail Kalashnikov anaikonza ku Soviet Union mu 1947, inatumizidwa mu Afrika mochuluka pa nkhondo za ufulu ndi pa mkangano wa mayiko aakulu. Ku Mozambique nkhondo yapachiweniweni inayamba mu 1977, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, ndipo mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio. Nkhondo inatha, koma mfuti sizinathe. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina zinasinthanitsidwa ndi chakudya kapena zovala, n'kuoloka malire. M'zaka za m'ma 1990 tinayamba kumva za achifwamba oomba mfuti m'masitolo ndi m'misewu, ndi za njovu zophedwa m'nkhalango zathu. Monga mu 1815, mtendere wa kwina unasanduka mantha a kwina.

Ku Mozambique komweko kunachokera yankho loyenera kuliganizira. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dzikomo, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo zinkadulidwa kuti zisadzagwirenso ntchito, ndipo amisiri anaumba nazo zithunzi. Chimodzi mwa izo, mtengo wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zokhazokha, chinaimikidwa mu British Museum ku London mu 2005.

OSONKHANITSA MFUTI ZAKALE

Koma si mfuti zonse zimene zimabwerera kutsidya kwa nyanja zitadulidwa. Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu amene amasonkhanitsa mfuti zakale za asilikali monga ena amasonkhanitsira masitampa. Msika umenewu unakula itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene amalonda anagula nkhokwe zathunthu za Lee-Enfield, Mauser ndi zina nazigulitsa motchipa, ngakhale kudzera pa positi. Mfuti imene inapha Pulezidenti John Kennedy mu 1963 inali yotere: Carcano ya asilikali a ku Italy, yopangidwa mu 1940, yogulidwa pa positi ndi madola pafupifupi 20. Mu 1968 dziko la America linaletsa kuitanitsa mfuti zotsala kwa asilikali a kunja, koma mu 1984 linalolanso zimene zimawerengedwa kuti n'zakale zoyenera kusungidwa. Mu 2003 mfuti zakale zoposa 50,000, kuphatikizapo Martini-Henry, zinagulidwa m'nkhokwe ya boma ku Nepal. Amalonda afikanso ku Ethiopia, kumene agula mfuti za mtundu womwe uja asilikali a Menelik anagonjetsera Ataliyana pa Adwa mu 1896. Tikumbukire kuti Aitiopiya anateteza ufulu wawo ndi kaunjika yemweyu. Mfuti siisankha dzanja.

Sitikuti wosonkhanitsa aliyense ndi woipa. Ambiri mwa iwo amakonda mbiri, ndipo amadziwa kuwerenga tizidindo ta pachitsulo: mzinda umene mfuti inasulidwa, chaka chake, gulu la asilikali limene linayamba kuigwira. Nzeru imeneyi ingathandize ofufuza mbiri yathu. Chimene chimatidetsa nkhawa n'chakuti chidindo chimanena za wosula ndi wogula yekha. Sichinena za mnyamata amene anasinthanitsidwa ndi mgolo wa onga m'chigwa cha Luangwa, kapena mayi amene anabisala m'bango pa Kambwe, kapena mtengatenga amene anagwa ndi bokosi la zipolopolo pamtunda wochokera ku Karonga. Mfuti ikapukutidwa ndi mafuta n'kupachikidwa pakhoma, theka la mbiri yake limakhala litafufutika. Ndipo wosonkhanitsayo ndi wamalonda ogulitsa zida ku dziko la nkhondo amatunga pachitsime chimodzi, ndicho nkhokwe ya boma imene yadzaza ndi zida zosafunikanso. Boma likasankha kugulitsa m'malo moononga, silidziwa kumene mfutiyo idzathere.

NANGA IFE?

Theka lofufutika lija lili ndi ife. Lili m'mayina a malo, m'mabwinja a malinga, ndi m'kamwa mwa agogo athu amene anamva kwa agogo awo. Akuluakulu amati mlandu suola, koma mboni zimatha. M'mabanja mwathu tifunse okalamba akadali moyo: kodi mudzi wathu unathawira kuti pa nthawi ya Abemba ndi Aluya? Ndani wa mtundu wathu anapita ku mtengatenga osabwerako? Ana a sukulu alembe mayina amenewo m'kope, lisungidwe pamodzi ndi makalata a banja.

M'midzi ina mukadali gogodera wa makolo, ndipo mwina pena pali mfuti ya nkhondo zaposachedwa imene wina anaibisa kudenga poganiza kuti idzamuteteza. Malamulo a dziko lathu salola kusunga mfuti popanda chilolezo, ndipo mbiri imene tafotokozayi ikuonetsa chifukwa chake: mfuti imakhalitsa kuposa mwini wake, ndipo sitidziwa dzanja limene lidzaitsitse kudengako pa tsiku la mkwiyo, la mowa kapena la mkangano wa malire a munda. Yoteroyo ipite kwa apolisi. Gogodera wakale, ngati ali ndi mbiri, malo ake ndi m'nyumba yosungiramo zakale, monga ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Kumeneko aikidwe pamene ana a sukulu a ku Chisenga ndi ku Chitipa angamuone, ndipo pambali pake palembedwe kumene anasulidwa, njira imene anadzera, ndi chimene makolo athu analipira kuti afike m'tsinde mwa Mafinga.